Ndodo Inayenda, Phiri Linakana

Ndivomere poyambirira pomwe, ena asanandinenere: amene anayambitsa zonsezi ndine. Si mizimu ya kuphiri, si kalongonda wa azakhali, komanso si kachasu monga ankanong'onezana amayi a kumjigo. Ndine ndemwe, mnyamata amene ndinali nditangomaliza mayeso a Fomu 2, ndili ndi miyezi iwiri yathunthu yongokhala. Ndikuuziranitu kuti zinathera pa khutu langa lakumanzere, limene kwa nthawi yaitali ndikadziyang'ana pagalasi linkaoneka lalitaliko pang'ono kuposa linzake.

Papita zaka ziwiri tsopano. Ndikulemba izi ndili kusukulu yogonera konko kuchigwa cha Shire, kumene ngakhale mu Juni timagona osafunda, ndipo chokwera chokha chimene tili nacho ndi chulu cha kuseri kwa khitchini. Kukatentha chonchi mtima umathawira kwathu ku Mulanje, kumsewu wochoka pa Chitakale kulowera ku Likhubula, kumene m'mawa mpweya umatuluka m'kamwa ngati ukusuta, ndipo tiyi amanunkhira asanathyoledwe n'komwe.

Nthawi imeneyo ndinkakhala kwa amalume, achimwene awo a mayi anga. Ntchito yawo inali yonyamula katundu wa alendo okwera phiri. Adakali anyamata ankatsitsa matabwa pamutu kuchokera pamwamba pa phiri, ku Chambe, opanda nsapato. Chuma chawo chinali zinthu zitatu: chipewa chofiira choluka, ndodo ya mkungudza, ndi jombo zimene anawasiyira mlendo wina, zomwe ankazipukuta kuposa nkhope yawo. Ndipo anali ndi nyimbo imodzi yosatha:

"Mphwanga, ine phiri ili ndalikwera zaka makumi awiri ndi mphambu. Mvula, mphepo, miyala yoterera. Kafunse aliyense ngati anaonapo matako anga atagunda pansi."

Ndiye tangoganizani tsiku limene matakowo anagunda, osati pansi wamba, koma m'dengu la zinanazi.

Anali atangochira chimfine. M'mawa anadzuka bwinobwino n'kutuluka pakhonde, kenako tinangomva: "Mayo ine! Gwirani nyumba!" Titathamangira tinawapeza atakhala m'dengu limene azakhali, akazi awo, anakonza kuti akagulitse pa Chitakale. Anali atatsinzina zolimba, manja akufunafuna chogwira. "Nyumba ikuthawa! Mtengo wa mapeyala ukuzungulira!" Anasanza mpaka zimene anadya pa Khirisimasi. (Ndisaname, ndinachita mantha. Kuseka ndinayamba masana, nditaona azakhali akuwazula timinga mmodzimmodzi.)

Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utapeza kale matenda. Ena anati ndi kachasu, pamene amalume mowa anasiya ndisanabadwe. Ena anati alakwira eni phiri. Koma zimene zinawawa kwambiri ndi za mayi wina woyandikana nafe amene anafunsa ngati kalongonda wa dzulo lake anapsa bwino. Kwa inu osadziwa, nyemba zimenezi ukaziphika mwachidule, osataya madzi kangapo, zimazunguza mutu kuposa mowa. Azakhali anamanga chitenje m'chiuno.

"Ine kalongonda ndinayamba kuphika ndili namwali. Sindinaledzeretsepo ngakhale nkhuku! Mwanayu anadya mbale ziwiri, bwanji iye sakuzungulira?"

M'mawa mwake tinakwera kabaza wa njinga yamoto, amalume pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira ngati thumba la chimanga, mpaka kuchipatala. Tinakumana ndi adokotala achizimayi, aafupi, a magalasi, osachedwa kuseka. Anawaunika m'maso n'kundikodola.

"Tabwera uone. Ukuona maso a amalume akowa? Akuvina okha." Zoonadi, timaso tinkangoti phethiphethi kuthawira mbali imodzi. "Bambo, vuto lili m'khutu lakumanzere."

"Khutu?" anatero amalume. "Pepani adokotala, ine ndikumva bwinobwino. Ngakhale anthu akundinena kumjigo ndimamva. Vuto lili m'miyendo."

"Levulo mumaidziwa? Ija amisiri omanga amaika pakhoma, ya kamadzi m'kati?"

"Ndimaidziwa."

"Aliyense ali nazo ziwiri, m'kati mwenimweni mwa makutu. Yanu yakumanzere chimfine chija chaitupitsa, ndiye ikunamiza mutu kuti dziko lapendekeka. Ichira, koma tiyeni tione yafooka bwanji."

Anawayeza katatu. Muyeso woyamba unali woima mapazi atagundana, manja pachifuwa, maso otseka. Amalume anapendekera kumanzere pang'onopang'ono ngati nthochi yolemedwa ndi mkoko, mpaka ndinawawakha. Wachiwiri unali woyenda pamzere, chidendene cha phazi ili chikukhudza chala cha linzake. Munthu amene ankadutsa pamwala wopyapyala atasenza thabwa analephera masitepe anayi pasimenti. Wachitatu ndi umene unandiwonongera khalidwe. Anawaimika moyang'ana chitseko n'kuwauza kuti atambasule manja kutsogolo, atsinzine, ndipo agube pamalo amodzi kokwana makumi asanu, akuwerenga chamumtima.

"Pasakhale wolankhula," anatero adokotala akundiloza. "Akamva mawu, khutu litsatira mawuwo, ndiye muyeso wawonongeka."

Amalume anaguba mwaulemu wonse, mawondo m'mwamba ngati msilikali. Koma sitepe iliyonse inkawapotoza pang'ono, pang'ono, osadziwa. Potsegula maso anapezeka akuyang'anizana ndi kabati ya mankhwala. Anayang'ana kabati, anayang'ana ife.

"Ndani wasuntha chitseko?"

Mawu amenewo, abale anga, anagwera m'mutu mwanga ngati mbewu m'dothi lonyowa.

Adokotala anati muyeso umodzi sunena zonse, n'chifukwa chake amayerekeza itatu. Anati azichita yonseyo kunyumba tsiku ndi tsiku, poti kuyesererako n'kumene kumaphunzitsa mutu kuzolowera, ndipo abwerenso pakatha masabata atatu. "Mnyamatayu amatha kulemba?"

"Wangolemba kumene mayeso a boma," anatero amalume monyadira.

"Basi, akhale mlembi wanu. Azilemba zotsatira zonse m'kope."

Titabwerera kunyumba tinapeza atcheya a gulu la onyamula katundu atakhala pakhonde. Anapepesa matenda, anamwa tiyi, kenako ananena chimene anadzera. Nyengo yozizira ndiyo ya alendo ambiri, ndipo anyamata ofuna kulowa pamndandanda anali ambirimbiri. "Malo anu tikusungirani masabata atatu omwewo. Mukabwera ndi kalata ya adokotala, jombo kuphazi. Popanda kalata, musatidandaule, tipereka kwa wina. Sitingapereke mlendo kwa munthu woti nyumba imamuthawa."

Tsiku loyamba tinayesera pabwalo la nyumba. Zinalakwika. Amayi opita kothyola tiyi anaima pamsewu, madengu kumsana, kuonerera bambo wamkulu akuguba atatsinzina, manja kutsogolo.

"Alamu, mwalowa upolisi?"

"Ayi, akuphunzira kukankha wilibala yosaoneka!"

Amalume analumbira kuti sadzagubanso pamaso pa anthu. Pakati pa munda wa tiyi wa azakhali panali kabwalo kakang'ono pamene othyola ankakhuthulirapo masamba. Tinasamukira kumeneko, m'mamawa anthu asanadzuke. Ndipo sabata yomweyo chiperoni chinafika. Amene simunakhaleko kwathu simungamvetse. Chifunga chimatsika n'kumeza phiri lonse, mvula yamawawa ikuwaza, masiku kutsatizana. Ukaima pakati pa tiyi, kutsogolo n'kobiriwira pansi koyera pamwamba, kumbuyo chimodzimodzi, kumanja ndi kumanzere chimodzimodzi. Poti kunalibe chitseko choyang'ana, amalume ankazika ndodo yawo ya mkungudza m'dothi n'kuiveka chipewa chofiira. Akatsegula maso, chipewa chikakhala patsogolo, ndiye kuti zayenda.

Sabata yoyamba ndinali mlembi wokhulupirika, Mulungu ndi mboni. Ndinajambula mizere itatu m'kope langa lakale la sayansi. Ndinkawerenga masekondi a kuima, masitepe a pamzere, ndipo pa kuguba ndinkayeza madigiri ndi kachipangizo ka m'bokosi la masamu kamene kusukulu sindinakagwiritsepo ntchito. Amalume ankachira mooneka. Kupotoka kunkachepa tsiku ndi tsiku. Pofika tsiku lachisanu ndi chitatu anatsegula maso chipewa chili pamphuno penipeni.

Vuto n'lakuti pamodzi ndi levulo, pakamwa panachiranso.

"Waona, mphwanga? Thupi la kale ili. Inu ana a mabisiketi chikanakugwirani chimenechi tikanakuikani m'manda. Lemba! Lemba kuti amalume ndi mwala!"

Tsiku lililonse ankandidzutsa tambala atangolira, kuzizira kukuluma zala, kuti ndikamve zimenezi. Anzanga anali m'mabulangete. Ndiye tsiku lachisanu ndi chinayi, ali pakati pa kuguba, ndinayang'ana ndodo, ndodo inandiyang'ana. Munthu watsinzina. Kulankhula n'koletsedwa ndi adokotala. Dothi n'lofewa. Inuyo mukanatani?

Ndinavula masilipasi, ndinanyang'ama, ndinazula ndodo n'kuizika masitepe awiri chakumbali. Dzenje lakale ndinalitseka ndi chidendene. Pamene ankafika makumi asanu n'kuti ndili pamalo panga, cholembera m'manja, nkhope ya m'kwaya.

Anatsegula maso akumwetulira. Kumwetulira kunazima.

"Aa! Dzulo si ndinawongoka?"

"Matenda amatero, amalume," ndinatero ndikulemba. "Madigiri makumi atatu."

Ndinkafuna kuchita kamodzi kokha. Aliyense amene anachitapo zopusa amadziwa kuti kamodzi kali ndi ang'ono ake ambiri. M'mawa mwake ndodo ndinaizika pafupi ndi phewa lawo. Tsiku linalo ndinatopa ndi mbali imodzi, ndinaiika mbali inayo. Tsiku lachinayi la chinyengochi ndinaiika kumbuyo kwenikweni, moti anaifunafuna uku ndi uku mpaka anadzidzimuka ataipeza ikuwayang'ana pankhongo. Ndinaluma kope kuti ndisaphulike. Mano anga akuonekabe pachikuto.

Chimene chinkawazunguza n'chakuti miyeso iwiri ija inkayenda bwino kwambiri. Ankaima atatsinzina mpaka ine kutopa kuwerenga. Pamzere ankayenda ngati mphaka pamtanda wa denga.

"Mphwanga, tandiwerengera bwino bukulo. Miyeso iwiri ikuti ndachira, umodzi ukuti ndafa. Ndimvere uti?"

"Adokotala anati tiziyerekeza yonse itatu," ndinayankha mwaulemu.

Kunyumba zinthu zinasintha. Azakhali, osanena kanthu kwa munthu, anachotsa kalongonda yense m'nyumba n'kukapatsa achemwali awo. Anaitana amayi a kumpingo, amene anadzaza pabalaza n'kuimba mpaka agalu a m'mudzi kuyankhira. Ine ndinkagawa tiyi, ndipo ndinayamikiridwa kuti ndine mwana wosamala odwala. Atapita amayiwo, amalume anandiitanira kuseri kwa khola la mbuzi n'kutsitsa mawu.

"Pali chinthu sindinauzepo munthu. Kalekale, ndikutsika ndi matabwa, ndinapeza nthochi zakupsa pamwala, pamalo popanda munda. Lamulo la kuphiri umalidziwa: ukapeza chakudya, idya wekha, usaitane mnzako. Ine ndinaitana mnzanga."

"Ndiye?"

"Ndiye eni ake aja sachedwa kuiwala? Ayi. Andidikira zaka zonsezi. Tsopano akundipotoza ngati chitsekerero cha botolo."

Apa munthu wabwino akanaulula. Ine ndinafunsa ngati nthochizo zinali zokoma.

Zinafika poipa Lachinayi la sabata yachitatu. Masana amalume anatulutsa jombo zawo, anazipukuta nthawi yaitali, kenako anaziika pamapazi anga.

"Tenga. N'zazikulu, koma ukula nazo."

Azakhali anasiya kupeta mpunga. "Abambo a Esinati, mukutani kodi?"

"Loweruka ndikauza atcheya apereke malo anga. Kuchipatala sindibwererako, ndikangochita manyazi. Munthu wotembenuka mpaka kumbuyo iye osamva kanthu angatsogolere mwana wa eni ake paphompho? Ndikagwa ndekha palibe kanthu. Koma kugwetsa mlendo, ayi." Anayang'ana kumene kunayenera kukhala phiri, koma kunali chifunga chokhachokha. "Ndinkati ndidzasiya ndi imvi."

Sindinaganizepo kuti nyimbo ija ya matako osagunda pansi ingathe, ndipo itatha pakhomo panazizira kuposa chiperoni. Ndinatsimikiza mtima kuti mawa ndodo sindiikhudza. Achira mozizwitsa, amayi a kumpingo atenga ulemu, nkhani yatha, palibe wodziwa. (Jombozo ndinaziyesa kaye kuchipinda. Ndi masokosi awiri zinkakwana.)

Lachisanu m'mawa ndinawakakamiza kuti tikayese komaliza. Anavomera monyinyirika. Anazika ndodo, anaiveka chipewa, ine ndinaima pambali pake ndikuwayang'ana iwo. Kamphepo kanayamba kuwomba kumsana kwanga. Amalume anakhala nthawi yaitali akuyang'ana pamwamba pa mutu wanga, ndipo ndinkaganiza kuti akupemphera. Kenako anatambasula manja, anatsinzina, anayamba kuguba.

Ndinapirira mpaka sitepe ya makumi awiri. Ndikunena zoona, ndinapirira. Koma mawondo aja akukwera ndi kutsika, nkhope ili yachisoni ngati ya mbuzi yonyowa, ndipo kamawu kena m'mutu kanati: kotsanzikira. Ungosuntha lero, mawa Loweruka m'mawa achire asanapite kwa atcheya, chozizwitsa chikhale chachikulu. Masilipasi anavuka okha. Ndodo ndinakaizika kumbuyo kwawo, patali ndithu, m'kati mwa mizere ya tiyi.

Makumi asanu anakwana. Anatsegula maso. Ndinadikira kuti ayambe kufunafuna, koma sanacheuke n'komwe. Anangoyang'ana kutsogolo, manja akadali otambasula.

"Mphwanga."

"Wawa, amalume."

"Tacheuka."

Ndinacheuka. Chifunga chinali chitang'ambika pakati ngati nsalu yakale, ndipo pobowokapo panali Chambe yense, thanthwe lakuda lonyowa kuchokera pansi mpaka kumwamba, dzuwa likuwala pamphumi pake. Masabata awiri osaoneka, anasankha tsiku limenelo.

"Pamene ndimatsinzina," anatero amalume mofatsa kwambiri, "ndodo inali apa, Chambe anali kumbuyo kwake. Ndatsegula, Chambe ali pompaja. Tandiuza iwe wa Fomu 2, pa awiriwa wayenda ndani?"

"Mwina mphepo, amalume."

Anayang'ana pansi. M'matope munali mapazi, zala zisanu zisanu, kuchoka pamene ndinaima mpaka pamene panali ndodo, n'kubwerera.

"Mphepo yovula masilipasi?"

Sindinadikire funso lachitatu. Ndinaliyatsa liwiro m'mizere ya tiyi, kope m'manja. Kumbuyo ndinkamva Chilomwe chakuya chimene ngakhale azakhali amafunsa tanthauzo. Ndinkadalira kuti munthu wodwala chizungulire sangathamange m'kanjira kopapatiza koterera. Ndinakhota, anakhota. Ndinalumpha ngalande, analumpha. Ndinadutsa pamtengo umodzi woyalidwa pakamtsinje, umene ngakhale ine ndimadutsa chokwawa, iwo anadutsa choimirira osagwedera ngakhale pang'ono. Anandigwirira kuseri kwa bafa, pamaso pa azakhali amene ankayanika zovala.

Azakhali anaona mwamuna wawo akulumpha mpanda wa maluwa ngati mwana wa mbuzi, ndipo m'malo mondilanditsa anayamba nthungululu.

"Achira! Abambo a Esinati achira!"

"Ndinachira kalekale!" anakuwa amalume atagwira khutu langa lakumanzere. "Matenda anga ndi awa! Tione ngati levulo yako ili bwino!"

Analipotoza madigiri amene sindinathe kuyeza. Azakhali atamva nkhani yonse nthungululu zinatha. Anandiyang'ana n'kunena mawu awiri okha: "Kalongonda wanga." Masana omwewo ndinayenda wapansi kukamutenga kwa achemwali awo, thumba pamutu.

Lolemba tinabwerera kuchipatala, atcheya atavomera kudikira. Amalume anangopereka kope. Adokotala anatsata mizere itatu ija ndi chala. Anafika pakati, anakweza magalasi, anabwereranso pamwamba.

"Kuima kukukwera bwino. Pamzere pakukwera bwino. Kuguba kunawongoka tsiku lachisanu ndi chitatu, kenako..." Anandiyang'ana. "Mlembi, khutu lodwala ndi lakumanzere, ndipo limakokera munthu kumanzere. Apa ndikuona tsiku lina kumanzere, lina kumanja, lina kumbuyo. Odwala chizungulire ndaona ambiri, koma makutu osinthana mashifiti ngati pafakitale ya tiyi sindinawaonepo."

"Ndiye mukanadziwa?" ndinafunsa.

"Ndisanakhale n'komwe pampando. Wabodza wanzeru akananamiza miyeso yonse itatu, mbali imodzi." Anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anandiloza ndi cholembera, kuseka kutatha. "Koma ukudziwa kuti akanapanda kubwera, ntchito ikanatha chifukwa cha iwe?"

Ndinayang'ana kabati ya mankhwala ija.

Anawayezanso katatu, ine atanditulutsa panja. Amalume anatuluka ndi kalata m'thumba la shati, akuigwiragwira ngati ingathawe. Adokotala anasuzumira pakhomo: "Kukwera kwerani, bambo, koma ulendo woyamba musasenze cholemera. Katundu anyamule wina."

Amalume anatembenuka pang'onopang'ono, ulendo uno mwadala, mpaka maso awo anaima pa ine.

Ndi mmene ndinakwerera Chambe koyamba m'moyo wanga. Jombo zinabwerera kwa mwini wake, ine ndinavala nsapato za kusukulu. Alendo anali amayi awiri ochokera ku Lilongwe, ndipo chikwama chawo sindikudziwa kuti munali chiyani, koma ndikukhulupirira kuti wina ananyamula mtondo ndi munsi womwe. Amalume anali patsogolo, manja m'thumba, ndodo m'khwapa, akuimba mluzu. Pokwera pouma ankaima n'kuuza alendowo: "Mnyamatayu ndi wasayansi. Amasuntha zinthu. Lero akusuntha chikwama."

Tinafika pakanyumba ka alendo pamwamba dzuwa litapendeka. Nditatula chikwama miyendo inayamba kuvina yokha, ndinadzandira mpaka kugwira khoma. Ndinakhala pamwala n'kumasula chigumu chimene azakhali anandikulungira m'pepala, chachikulu, cha nthochi zambiri, chimene ndinkachiganizira njira yonse.

"Imirira," anatero amalume. "Ndakuona ukudzandira. Chizungulire chimenecho, chimayenda m'magazi. Tikuyeze."

"Amalume, ndangotopa."

"Odwala onse amatero. Manja kutsogolo."

Anazika ndodo, anaiveka chipewa. Ndinadziwa chimene ankafuna, ndiye ndinaloweza bwinobwino: ndodo, kumbuyo kwake mtengo wopindika, kumbuyo kwake nsonga ya phiri. Sangandipusitse ndi nzeru zanga zomwe. Ndinatsinzina n'kuguba makumi asanu, alendo akudziletsa kuseka. Nditatsegula maso, ndodo inali pompo, mtengo pompo, phiri pompo.

"Ndawongoka!" ndinakuwa.

"Wawongoka ndithu," anavomera amalume, akupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja.

Pamwala panali pepala lokha, mphepo ikuliseweretsa.

"Amalume, chigumu changa chili kuti?"

"Mwina mphepo, mphwanga."

Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi, njala ili m'mimba, mapewa akuyaka. Iwonso anaseka, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akuseka chiyambire tsiku la zinanazi. Kenako anandikokera m'mphepete n'kundilozera pansi. Minda ya tiyi inali ngati mphasa yobiriwira, msewu wa ku Chitakale ngati ulusi, ndipo penapake pakati, kadontho kofiirira, kabwalo kathu kaja. "Pamene paja ndi pomwe unkafuna kundipha," anatero, atandigwira phewa kuti ndisaterereke. Alendo anandimvera chisoni n'kundipatsa mabisiketi paketi yathunthu. Ndinadya ndekha, osaitana mnzanga. Lamulo la kuphiri ndimalidziwa.

Ngati chimenecho chinali chilango, ndiye ndikupempha china. Kope lija ndili nalo kuno m'sutikesi, ndi mano anga pachikuto. Masiku ena kutentha kukanyanya ndimaima kuseri kwa hositelo, manja kutsogolo, n'kuguba makumi asanu nditatsinzina, kuyembekeza kuti ndikatsegula ndiona thanthwe lakuda lija likutuluka m'chifunga. Ndimaona chulu.

Amalume akukwerabe, ndipo nyimbo yawo inabwerera, kungoti zinanazi sazitchula. Patchuthi chapitachi anandifunsa pamaso pa azakhali ngati ndinaphunzirapo kanthu pa zonse zija. Ndinati inde, ndinaphunzira zambiri: usanazule ndodo, uziyamba wacheuka, uone ngati phiri latuluka.

Khutu lakumanja nalonso linatalika tsiku limenelo. Pano akufanana.